Valavu Imene Inakana Kutsika

Ana inu, mwambi uli ngati munthu. Uli ndi kwawo, ndipo lilipo tsiku limene unabadwa uli wofiira psuu, ukulira. Ophunzira kwambiri adzakuuzani kuti miyambi yonse inabadwira pansi pa mtengo wa kachere. Asiyeni. Uwu unabadwira m'fakitale, pakati pa dzimbiri ndi thukuta, ndipo mzamba wake anali munthu wotopa kuposa onse amene anatopapo m'dziko muno. Khalani bwino, nkhani yake siifuna liwiro.

Kutsinde kwa phiri, kumene tiyi amamera mpaka pakhomo pa chimbudzi, kunali fakitale ina ya tiyi. M'menemo munkagwira ntchito bambo wina wamtali, woonda ngati nsungwi, dzina lake a Dayitoni Likhutcha. Iwo ndiwo ankasamala mageji, timawotchi toyezera kutentha ndi mphamvu ya mpweya, ndi mavalavu onse a m'fakitalemo.

Kuti mumve bwino, tiyambe ndi tiyi. Masamba akawathyola amawafotetsa, nkuwapera, kenako nkuwaumitsa m'chimakina chachikulu chotenthetsedwa ndi nthunzi, chimene anthu ankangochitcha uvuni. Nthunzi ikachepa, tiyi amatuluka wonyowa nkuchita nkhungu. Ikachuluka amapserera, nkumanunkha ngati bulangete lagwera pamoto. Choncho pa paipi ya nthunzi, m'mwamba mwenimweni pafupi ndi malata, panali valavu, chitseko cha nthunziyo. Valavu ili ndi ndodo yachitsulo. Ndodoyo ikakwera, nthunzi imadutsa. Ikatsika, nthunzi imatsekeka.

Koma valavu payokha ndi chitsiru, siidziwa kanthu. Nchifukwa chake pambali pake amamangirirapo kabokosi kakang'ono ngati koikamo sopo, kotchedwa pozishona. Kameneka ndiye kapitawo wa valavu. Uthenga ukabwera pa waya woti tsegula theka, kabokosiko kamalowetsa mpweya wokankha ndodo mpaka theka, osapyola ngakhale ndi tsitsi. Ukabwera woti tseka, kamatulutsa mpweya uja, fyuu, ndodo nkutsika.

Kuchuna kabokosiko ndiye inali ntchito imene a Likhutcha ankanyadira. Kali ndi timasikuluwu tiwiri, kena ka poyambira, kena ka pothera. Ankakwera makwerero, nkukhala pa paipi yozizira, lilime lili panja, nkumapotoza pang'ono, nkuyang'ana ndodo, nkupotozanso. Akayesa poyambira pali bwino, pothera pasokonekera. Akakonza pothera, poyambira pasuntha. Iwo osakwiya, mpaka zonse zitagwirizana ngati kwaya. Anthu ankati a Likhutcha akachuna pozishona, udzudzu ukatera pa ndodo kabokosi kankadziwa kuti ndi waukazi kapena wamwamuna.

Mpweya umene kabokosiko kankagwiritsa ntchito unkachokera pansi, kuseri kwa boyila, chimphika chamoto chopangira nthunzi, kumene kunali kompuresa, makina opanikiza mpweya, ndi chithanki chake chachitsulo choima ngati nkhokwe. Pansi pa thankiyo, pafupi ndi dothi, panali kampopi kamkuwa. Amene anamanga fakitale anakaikapo ndi cholinga, koma iwo anapita kwawo kalekale, cholingacho nkupita nacho m'sutikesi. Otsala anakapezera ntchito ina.

Matope a kumeneko, ana inu, ndi ofiira, ndipo amakakamira ngati mlendo wamva fungo la nkhuku. Aliyense wobwera pa njinga ankafika matayala atatupa ngati a thirakitala. Ndiye m'mawa uliwonse, huta yoyambira ntchito isanalire, ankafola kuseri kwa boyila, aliyense ndi njinga yake. Munthu ankagwada nkupotoza kampopi kaja. Choyamba kankalavula timadzi, pswa pswa, kutsuka tcheni. Kenako kankatulutsa mpweya wokhawokha, pfuuu, kuumitsa. Palibe anadzifunsa kuti timadzito tikuchokera kuti, pakuti chaulere sachifunsa kwawo.

Inu ndikuuziretu, kuti musavutike monga anavutikira a Likhutcha. Mpweya ukaupanikiza umatuluka thukuta ngati munthu, makamaka m'dzinja, ndipo thukutalo limadikha pansi pa thanki. Kampopi kaja kanali kotayira madzi amenewo. Eni njinga, potsuka matcheni awo, ankataya madziwo tsiku ndi tsiku osadziwa kuti akugwira ntchito ya kampani. A Likhutcha zimenezi anaziphunzira ali mnyamata, koma zaka zonsezi sanaonepo dontho m'mapaipi awo, ndipo chinthu chimene sichikuvuta umachiiwala.

M'mawa wina, mvula itangoyamba, a Likhutcha anali m'mwamba akuchuna. Anaona muvi wa geji ya mpweya ukugwada. Wadzuka, wagwadanso. Wadzuka, wagwadanso, ngati mkamwini watsopano. Munthu ungachune bwanji mpweya ukuvina chotero? Anatsika, natsatira mluzu wa pfuuu, napeza mzere wa njinga wautali wofika kugeti. Kutsogolo kwake kunali a Sapuwa, mkulu wa mafitala okonza makina, munthu wamfupi wamimba, amene anayamba ntchito chaka chimodzi ndi a Likhutcha. Anali atagwada, akuimba nyimbo ya kutchalitchi, akupukusa pedulo.

A Likhutcha anawafunsa ngati akudziwa kuti mpweya umenewo uli ndi ntchito. A Sapuwa anayankha kuti akudziwa, ndipo ntchito yake ndi imeneyi akuionayi. Mzere wonse unaseka.

"Achimwene," anatero a Sapuwa osadzuka, "mpweya wadzaza dziko lonse. Tikatha uwu, kompuresa ikoka wina. Kapena mwauwerenga?"

Anthu anasekanso, ndipo kuseka kwachiwiriku ndiko kunaononga zinthu. A Likhutcha anapita kusitolo ya fakitale, nabwera ndi tcheni ndi chiloko chachikulu ngati chotsekera ndende. Anakulunga kampopi kaja, khetye. Ndipo kuti aliyense aone kuti sakuseka, anatsegula chitseko cha boyila naponya kiyi m'moto. Kiyi analowa osatsanzika. Anthu mmodzimmodzi anatembenuza njinga zawo zamatope.

Poyamba zinayenda bwino. Muvi wa geji unaima chilili ngati msilikali, ndipo a Likhutcha ankayenda chifuwa patsogolo, chifuwa chimene analibe. Kunyumba kokha ndiko kunali kovuta. Iwo ankakhala m'nyumba ya kampani, m'malayini, ya zipinda ziwiri ndi kakhonde. Akazi awo, amake Felesiya, anawauza kuti amayi anzawo asiya kuwayankha moni. Amuna awo tsopano ankabwera ndi njinga zamatope kunyumba, ndipo otunga madzi otsukira njingazo anali akazi. Anati kumpopi akafika, nkhani imatha ngati wathira madzi pamoto. A Likhutcha anati zimenezo nzachikazi, zitha zokha.

Mvula inalimba. Ndi nthawi imeneyi pamene tiyi amaphuka ngati wapenga, mathirakitala nkumatsitsa masamba osapuma. Ndipo tsiku lina masana fungo linatuluka mu uvuni. Linadzaza fakitale, linatuluka pageti, agalu a m'malayini nkuyamba kuyetsemula. Uthenga unali utapita woti tseka, koma ndodo ya valavu inali njo m'mwamba, nthunzi ikungothira. Tiyi yense wa mu uvuni anapserera.

A Likhutcha anakwera. Anagogoda kabokosi ndi chala, ndodo nkutsika mwaulesi ngati mwana wotumidwa kumunda. Anachuna poyambira, anachuna pothera, anayesa theka, zonse bwino. Anatsika. M'mawa mwake fungo lija linabweranso.

Apa ndipo panayambira kutopa. Anamasula kabokosi, natsika nako, nakaika pa tebulo lawo loyesera. Pamenepo kankamvera ngati mwana wa m'busa: theka, theka, tseka, tseka. Anakwera nako, nakamangirira. Kanagwira ntchito mpaka dzuwa litafika paliwombo, nkuyambanso mwano. Anatsika nako, kali bwino. Anakwera nako, kadwala. Anatenga kena katsopano kamene ankasunga m'kabati ngati suti ya ukwati. Nako kanamvera pang'ono, kenako kanaphunzira khalidwe la mnzake. Anayesa waya, waya ali bwino. Anapaka girisi pa ndodo mpaka ntchentche zinkaterereka. Anapukuta, anauzira, anatukwana pang'ono, anapempherera. Ndodo njo.

Makwerero aja anali achitsulo, otentha, ndipo kumalata kuja mpweya wake unali ngati m'kamwa mwa ng'ombe. A Likhutcha anakwera ndi kutsika mpaka mawondo anayamba kulira ngati chitseko cha kusukulu. Anali woonda kale, koma tsopano ovolosi yawo inkayenda yokha, iwo nkumaitsatira m'mbuyo. Akafika kunyumba ankagona pakhonde nsapato zili kumapazi, ndipo miyendo inkakwerabe makwerero ali m'tulo. Amake Felesiya anasamukira pamphasa chifukwa cha mateche.

Komatu chizindikiro chinalipo. Nthawi iliyonse akatsegula kabokosi ankapeza timadontho m'kati. Panayenera kukhala kasefa kogwira madzi pakhomo pa kabokosiko, koma kanasweka kalekale, ndipo oitanitsa katundu anali akuitanitsabe. A Likhutcha ataona timadonthoto anati ndi thukuta lawo, pakuti linkagwa pamphumi ngati mvula ya Januwale. Anamanga nsanza kumutu. Timadontho tilipobe. Anati ndiye denga likudontha. Anadula kachidutswa ka lata, nakamangira kabokosi kadenga kakekake, kokongola, kotsala khonde ndi maluwa. Timadontho tilipobe. Munthu akatopa, maso amaona koma mutu umakhala utapita kukagona.

Manijala wa fakitale anali bwana Kalitera, munthu woyankhulira m'mphuno, amene mawu aliwonse ankawakoka ngati labala. Tiyi atapsa kachitatu anaitanitsa a Likhutcha kuofesi, nawathirira tiyi wopsayo m'kapu, nawauza kuti amwe. A Likhutcha anamwa. Anali ngati madzi otsukira mbaula.

"A Likhuuutcha," anatero bwanayo, "lole yopita kumsika wa tiyi ikubwera mawa. Masamba amene tapera lerowa ndi otsiriza odzazira loleyo. Akapsa amenewa, mundibweretsere kiyi wa nyumba ya kampani. Ndaitana kale munthu wina wa ku tauni wodzakulowani m'malo."

A Likhutcha anati amva, bwana. Anatuluka akuganiza za kakhonde kawo, za Felesiya amene anali pafupi kulemba mayeso pasukulu ya pa esiteti, ndi za kumudzi kumene analibe ngakhale khola la nkhuku. Masamba operedwa sadikira munthu. Akafiira pamatebulo ayenera kulowa mu uvuni, apo ayi amasasa. Ndipo anali atayamba kale kufiira.

Anakweranso. Ulendo uno miyendo inkachita kukambirana kuti ayambe ndani. Atafika pamwamba anamasula kapaipi kobweretsa mpweya m'kabokosi, kuti atsike nako kabokosiko monga mwa masiku onse. Koma mphamvu zinawathera. Anangokhala pa paipi yozizira ija, kapaipi kali m'manja, maso ali gwa kumalata. Sanatseke mpweya bwinobwino, moti kapaipiko kankapumira m'chikhatho chawo, fii. Kenako kanatsokomola. Kanatsokomolanso, nkulavula kanthu konyowa.

Anayang'ana m'manja. Timadzi. Anati thukuta lija layambanso, ndipo mwa kutopa, osaganiza, ananyambita. Ana inu, thukuta lili ndi mchere, aliyense amadziwa. Izi zinalibe mchere. Zinali ndi kukoma kwa msomali wakale.

A Likhutcha anakhala kanthawi lilime lili panja. Kenako mutu wawo, umene unapita kukagona uja, unabwerera. Madzi sakuchokera pamphumi, sakuchokera padenga. Akubwera ndi mpweya. Akalowa m'kabokosi pamodzi ndi dzimbiri amatseka kabowo kotulutsira mpweya, kakang'ono ngati diso la singano, ndiye ndodo itsika bwanji? Pa tebulo loyesera kabokosi kankauma nkuchira. Akakabwezera m'mwamba ankakamwetsanso.

Anatsika akutsatira paipi ndi dzanja ngati wakhungu. Inawatengera m'mbali mwa khoma, kuseri kwa boyila, mpaka pa thanki. Anaigogoda ndi sipanala cham'mwamba: ngwee. Anagogoda chapachifuwa: bu, bu, ngati dzungu lokhwima. Thanki inali ndi madzi oti nkubatiza mpingo wonse. Anayang'ana pansi. Chiloko chawo chinali pomwepo, chitachita dzimbiri pang'ono, chikuwayang'ana.

Anaganiza zochiphwanya ndi hamala. Koma kampopi kanali kamkuwa, kofewa. Kakanathyoka, thanki yonse ikanatulukira pamenepo, ndipo fakitale ikanaima mpaka oitanitsa katundu atamaliza kuitanitsa. Panafunika macheka odulira chitsulo, ndipo macheka otere onse ankakhala kwa mafitala.

Inali nthawi yopuma masana. Mafitala anali atakhala pa benchi pakhomo pa shedi yawo, akudya chinangwa chootcha, njinga zawo zamatope zitatsamira khoma ngati ng'ombe zodwala. A Likhutcha anapereka moni. Moniyo anagwa pansi, palibe anamutola. Anapempha macheka, nati akufuna kudula kapaipi kena m'mwamba.

A Sapuwa anafunsa mnzawo wa kumanja ngati waona macheka. Wa kumanja anati anali ndi wa kumanzere. Wa kumanzere anati anabwereka a ku magetsi. Wina anati a ku magetsi anapita nawo ku maliro. Wina anati iye chiyambireni ntchito sanaonepo chinthu chotchedwa macheka, ndipo anapempha kuti amufotokozere mmene chimaonekera. Onse ankatafuna chinangwa pang'onopang'ono, nkhope zili zii.

A Likhutcha anapita ku magetsi, kulibe. Anapita kwa akalipentala, anawapatsa macheka a matabwa ndi nkhope yachifundo. Fakitale yonse inkayenda pa njinga, ana inu. Anadutsa pa matebulo a masamba, naona kuti afiira ngati mkuwa, ndipo fungo lake lafika poti tsopano kapena ayi. Woyendetsa uvuni anawayang'ana, natambasula manja.

Anabwerera kwa mafitala. Ankadziwa kuti akanena zoona, adzasekedwa mpaka adzukulu awo. Koma kusekedwa uli m'nyumba nkosiyana ndi kulemekezedwa uli pamsewu ndi katundu pamutu. Anavula chipewa, nakhala pansi penipeni, pa simenti yamafuta, patsogolo pa benchi. Sanachite dala kuti aoneke odzichepetsa. Miyendo ndiyo inagamula.

"Achimwene," anatero, "palibe kapaipi kamene ndikufuna kudula. Ndikufuna kudula loko wanga."

A Sapuwa anasiya kutafuna.

A Likhutcha anafotokoza zonse, za thukuta la mpweya, za thanki yolira ngati dzungu, za kabowo ka singano. Anati zaka zonsezi ankaganiza kuti pozishona ikumvera chifukwa cha luso lawo lokha, osadziwa kuti theka la ntchitoyo ankagwira ndi anthu a njinga m'mawa uliwonse. Anati tiyi yense wapsayu wapsa ndi loko wawo, ndipo akapsa wa lero, mawa amake Felesiya amanga katundu.

Mafitalawo sankadziwa chilichonse cha zimenezi. Iwo ankangonyanyala chifukwa cha matcheni awo. A Sapuwa anayang'ana njinga yawo, nayang'ana a Likhutcha, nayang'ananso njinga.

"Mukuti njinga yangayi," anatero pang'onopang'ono, "yakhala ikugwira ntchito ya uinjiniya?"

"Yakhala ikugwira, achimwene."

"Yopanda yunifomu? Yopanda tchuthi?"

"Yopanda."

Mimba ya a Sapuwa inayamba kugwedezeka yokha, mawu asanatuluke. Kenako benchi yonse inaphulika. Wina anatsamwa ndi chinangwa, anzake nkumamumenya pamsana akuseka. A Likhutcha anangokhala, akudikira kuti zithe, monga munthu amadikirira mvula pansi pa nthochi.

A Sapuwa atapukuta misozi anati macheka angathe kupezeka, pakuti maliro aja ayenera kuti atha. Koma anati pali mawu awiri. Oyamba, wotseka ndiye atsegule, ndi manja ake, atagwada. Achiwiri, injiniya wamkuluyu, apa analoza njinga yawo, akhale woyamba kusamba, ndipo womusambitsa akhale a Likhutcha. A Likhutcha anati avomera, ngakhale atati asambitsenso mwini wake.

A Sapuwa ananyamuka pang'ono pa benchi. Macheka anali pansi pawo, anawakhalira nthawi yonseyi. Wa kumanja anatulutsa ake m'mwendo wa ovolosi. Uja sanaonepo macheka chiyambireni ntchito anatulutsa awiri. Posakhalitsa panali macheka oti nkudula mlatho.

Anapita onse kuseri kwa boyila, ndipo mbiri inawatsogolera, moti pofika anapeza mzere wa njinga wayamba kale. A Likhutcha anagwada m'matope nayamba kucheka. Kwee, kwee, kwee. Loko uja anali wabwino, anasankha okha. Macheka ankaterereka, koma palibe anawalandira, pakuti pangano ndi pangano. A Sapuwa anangogwira tcheni kuti isavine, nkumawalangiza kuti acheke ngati akupala moto, osati ngati akukanda mphere. Pomaliza loko anagwa, thi.

A Likhutcha anagwira kampopi napotoza.

Ana inu, mwazolowera kumva za timadzi ta pswa pswa. Apa sipanatuluke timadzi. Panatuluka mtsinje wofiira, wonunkha dzimbiri ndi oyilo, wa mphamvu ngati tonde wothamanga. Unamenya pansi, nubwerera, nuwapeza a Likhutcha pachifuwa, nuwakhazika chagada. Anadzuka, nagwiranso kampopi. Madzi anayenda kuseri kwa boyila, anadutsa pageti, analowa m'munda wa tiyi. Akuti achule a ku Mozambiki anamva mkokomowo nanyamuka ndi mabanja awo, poganiza kuti kwatseguka dambo latsopano. A Sapuwa anakankhira njinga yawo pamenepo, ndipo a Likhutcha, ofiira kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, anaisambitsa, tcheni, masipoko ndi madigadi omwe.

Pang'ono ndi pang'ono mtsinje unasanduka pswa pswa. Pswa pswa anasanduka pfuuu, mpweya wouma, woyera. A Likhutcha anasiya kampopi m'manja mwa wotsatira pamzere, nauyamba ulendo wa makwerero.

Sanathamange, analibe chothamangira nacho. Anakwera akusiya mapazi ofiira pa chitsulo chilichonse. Pamwamba anatsegula kapaipi kaja kuti kalavule zonse zotsalira mpaka kanasiya kutsokomola. Anatsegula kabokosi, napukuta m'kati, natsegula kabowo kaja ndi kawaya kopyapyala, nauzira. Anamangirira zonse. Ndipo ngakhale masamba anali akudikira, anachuna monga mwa mwambo wake, poyambira, pothera, nkubwereranso poyambira, lilime lili panja. Kenako anakodola woyendetsa uvuni kuti alowetse masamba.

Uvuni unatentha. Muvi wa kutentha unakwera, nukwera, nufika pamene tiyi amayamba kuchita mantha. Uthenga unabwera pa waya. Kabokosi kanati fyuu. Ndodo inatsika, mosatekeseka, ngati mfumukazi ikutsika m'galimoto, nkuima pamene inauzidwa.

Sanakuwe, sanavine. Anatsamira mutu pa paipi, ndipo akanagona pomwepo pakanapanda kuopa kugwa. Anakhala akuyang'ana ndodo ikukwera pang'ono, ikutsika pang'ono, mpaka tiyi woyamba anatuluka mu uvuni, wakuda bwino, wonunkhira moti agalu a m'malayini anakhululuka.

Atatsika anapeza bwana Kalitera ataima patsinde pa makwerero, tiyi ali m'chikhatho, akununkhiza. Bwanayo anayang'ana chinthu chofiira chodontha chimene chinali patsogolo pawo, nafunsa kaye ngati ndi a Likhutcha. Kenako anafuna kudziwa chimene chinavuta masiku onsewa m'mwambamo, ndipo anati afotokoze bwinobwino.

A Likhutcha anatsegula pakamwa. Anaganiza za thanki, za loko, za kiyi ali m'moto, za njinga, za kabowo ka singano. Nkhaniyo inali yaitali kuposa mphamvu zimene zinatsala.

"Bwana," anatero, "ndakonza kapansi. Kam'mwamba katsika."

Bwanayo anadikira kuti apitirize, koma zinali zomwezo. Anabwereza mawuwo m'mphuno, kapaaansi, kam'mwaaamba, nawakonda. Anati munthu wa ku tauni uja amuuza kuti asavutike, ndipo a Likhutcha apite akasambe asanadetse tiyi.

Tsiku limenelo a Likhutcha sanayende wapansi popita kunyumba. A Sapuwa anawakweza pa kaliyala ya injiniya wamkulu uja, nawatsitsa pakhonde ngati thumba la chimanga. Amake Felesiya anatuluka, nawayang'ana, nafunsa ngati amange katundu. A Likhutcha anapukusa mutu, nagona pomwepo. M'mawa mwake analamula kuti kampopi kazitsegulidwa tsiku lililonse, kukhale njinga kapena kusakhale, ndipo pa Sabata ankabwera okha kudzakatsegula, atabwereka njinga kuti madzi asapite pachabe.

Mawu aja bwana Kalitera anayenda nawo paliponse. Ankawanena pamsonkhano, ankawanena kwa madalaivala, ankawanena ngakhale pamene sakugwirizana ndi nkhani. Madalaivala anapita nawo ku tauni, amalonda anawatola, ndipo pofika kumidzi anali atavala bwino, atasanduka mwambi: konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Chimene ukuchifuna chikakhala patali, pamwamba, chikukana kubwera, usathere mawondo pochikwerera. Yang'ana kaye pamene waponda. Kawirikawiri chimene chagwira cham'mwambacho chili pansi, pafupi nawe: kantchito kamene unakanyoza, munthu amene unamulakwira, moni amene sunapereke. Ukafuna kuti akuluakulu akumvere, yamba wagwirizana ndi anzako a pakhomo. Ukafuna kukhoza mayeso a kumapeto kwa chaka, konza kaye samu ya lero. Ukafuna thandizo la munthu, pereka kaye chimene uli nacho, ngakhale chitakhala kupepesa kokha. Kapansi nkonyozeka, kali m'matope, ndipo kuti ukafike uyenera kugwada anthu akuona. Koma gwadani msanga, ana inu, madzi akadali a pswa pswa.